Ndinamukalipira, tsopano Kafunsefunse safunsanso

Aphungu,

Ndine telala, ndimasokera pakhonde pakhomo panga. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi amene timamutcha Kafunsefunse, poti pakamwa pake sipatha mafunso. Kuti ndipezeko mpata wosoka, ndimamuikira beseni la madzi pafupi ndi makina. Amaponyamo supuni, mwala kapena chitsekerero cha botolo, n'kumalosera chomwe chimire ndi chomwe chiyandame. Tsiku lina lalanje linayandama, titalisenda n'kumira. Mwana anaseka mpaka kugwa chagada, ine ndemwe ndinasangalala.

Sabata yatha ndili kalikiliki ndi diresi la kasitomala, pocheuka ndinapeza waviika sizasi ndi ulusi wanga. Akuti, "Amama taonani, ulusi ukuyandama!" Ndinamukalipira mpaka aneba kusuzumira. Chichokereni tsikulo beseni salikhudza, mafunso zii. Bambo ake akuti, "Bola, makutu apumeko." Koma ine zikundiwawa. Nditani kuti abwerere mwakale?

T.M., kuseri kwa msika

Amayi T.M.,

Mwanayo sanalakwe. Munamuphunzitsa kuyesa zinthu, koma simunamuuze zoti asakhudze. Sizasiyo ipukuteni, muipake mafuta a makina, nkhani yatha. Zofunika changu ndi za mwanayo.

Yambani ndi kumupepesa. Inde, mayi amapepesa mwana wake, ndipo simuchepa nazo. Kenako mupezereni katoni yakeyake, muikemo zitsekerero, masipuni akale ndi timiyala tokulirapo. Mumuuze kuti za m'katonimo aviike mmene angafunire, koma za pamakina ayambe wapempha.

Kubeseniko musamukakamize. Tengani botolo loonekera mkati, muikemo kachidutswa ka nsalu konyowa, poti zidutswa ndiye simusowa, mutsamiritse nyemba ziwiri m'mbali mwake n'kuliika pawindo. Muzu ukangotuluka, nenani mokweza ngati mukudziyankhulira kuti, "Taonani tsamba ili." Mwana wa zaka zinayi sapirira kuona wamkulu akulakwitsa. Akutsutsani, ndipo mafunso ayambira pomwepo.

Chenjezo langa ndi ili: madzi, angachepe bwanji, musamusiye nawo yekha, ndipo masewera akatha muziwataya. Mabatani, singano ndi nyembazo zisafike kukamwa.

Bambo akewo auzeni kuti makutu awo adzapuma mwanayo akadzakula n'kuchoka pakhomo. Tsiku limenelo ndi iwo amene adzayambe kudandaula kuti m'nyumba mwangoti zii.

Aphungu