Kasipuling'i Kamene Kanathawa Tikujambula

Okondeka Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu. Nanga bambo, maso aja akuwavutabe? Ine kuno ndili gwa, kupatula dzino limodzi limene likundikumbutsa kuti ndakula.

Ntchito ikuyenda. Paja ndinakuuzani kuti timakonza timawilo ta mbedza, tija tokulunga chingwe nsomba ikadya nyambo. M'kati mwake muli tizitsulo tating'ono ngati ta m'mawotchi a bambo. Tsono abwana anga, a Ndevu, anaganiza zoti tizijambula makanema ophunzitsa asodzi kuchotsa okha mchenga ndi kupaka girizi. Iwo manja ayamba kunjenjemera, choncho amangoyang'anira foni pa shelefu, wokonza ndine. Musaseke. Ndi Chigwetsa wanu yemwe uja, amene bambo anamuthamangitsa pa tebulo la mawotchi chifukwa chogwetsa chilichonse.

Lachiwiri lapitali zinandionekera. Ndili m'kati mofotokoza ngati katswiri, kasipuling'i, kawaya kopotana ka m'kawilo kamene ndinkakonza, kanangofwamphuka, osaonekanso. Kawiloko kanali kakalekale, ka msodzi wina wachikulire, ndipo zitsulo zake sizipezekanso m'sitolo. A Ndevu anadzuka kuti akatenge tsache. Ine mosaganiza ndinawakalipira monga ankachitira bambo, kuti aliyense aume pomwe ali, phazi lisasunthe. Abwana anga enieni! Anaumadi, mwendo umodzi uli m'malere.

Kenaka ndinazimitsa nyale, ndinagoneka tochi pansi, tsaya langa pa simenti. Mukukumbuka zimene bambo ankanena, kuti kanthu kakang'ono kamabisala koma mthunzi wake umakaulula. A Ndevu anangotambasula dzanja, kutenga foni, n'kumandijambula ndikukwawa. Ndinakapeza pomwe nsapato yawo inkati itere. Akanaponda, bwenzi msodzi uja tikumuuza chiyani?

Ine ndi manyazi ndinati tifufute zimene anajambulazo. Iwo anakana, anaika kanemayo pa intaneti momwemo. Achemwali, anthu aonera kuposa makanema athu onse! Asodzi akulemba kuti za girizi ankazidziwa kale, koma za tochi ayi. Wina akuti wapezera ndolo ya mkazi wake.

Ndaseka, komanso ndalira pang'ono. Zaka zonsezi ndinkawawidwa mtima kuti achimwene anaphunzira kukonza mawotchi atakhala pa mpando, ine bambo n'kunditsitsira pansi kuti ndizitola zogwa. Sindinkadziwa kuti pansiponso panali sukulu. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu mupite ndi foni yanu mukawaonetse bambo kanemayo. Muwayandikizire kumaso, mukweze mawu, ndipo musawauziretu mathero. Kumapetoko a Ndevu akundifunsa amene anandiphunzitsa luso la tochi, ndipo ndayankha mokweza. Inu mukudziwa kuti chichokereni kwathuko, ine ndi bambo sitinachezepo bwino. Muyang'anitsitse nkhope yawo, mundilembere zoona zokhazokha. Akaseka, muwafunse ngati ndikadzabwera angandilole kukhala pa mpando uja, nditseguleko wotchi imodzi yokha.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo, ndiponso kwa adzukulu onse. Alamu muwauze kuti ambulera yawo ndikadali nayo, sindinaigwetse.

Ndine mlongo wanu,
Chigwetsa, amene amadziwanso kutola