Bokosi la Mlombwa ndi Kompyuta ya Yotamu

Amayi, muli bwanji kumene muliko? Kodi kumeneko nako kumatentha ngati kuno?

Okutobala wafika ndi ukali wake wonse. Luangwa waphwa mpaka mvuu zaunjikana pa thamanda limodzi, ndipo nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akukana. Pulena ndimaikankhabe, koma thabwa limene kale ndinkalimaliza dzuwa lisanafike pamutu, lero limandidyera tsiku lathunthu. Zilembo zangazi muzipirire. Mukudziwa kuti kusukulu sindinapondeko, ndinaziphunzira ndili ndi ndevu kale pa buku la nyimbo la kutchalitchi, ndipo dzanja langa linazolowera kulemba pa thabwa.

Chimanga cha chaka chino njovu zinatithandiza kukolola. Zinalowa kawiri m'munda wa kumtsinje uja munkakonda kubzalamo maungu, ndipo chimene chinatsala sichifika mvula ikubwerayi. Thonje nalo silinachite bwino. Nkhani yabwino ndi imodzi yokha: mdzukulu wanu Yotamu, uja munamusiya akuyamba kumene kusintha mawu, ali ndi mwana wamkazi. Tamutcha Esinati, dzina lanu. Mphumi ndi yanu yeniyeni, ndipo akakwiya amalira osatulutsa misozi.

Za Yotamu yemweyo ndi zimene zandigwiritsa pensulo lero.

Mwanayu anagwira ntchito zaka zingapo ku loji, kunyamula mbale za alendo odzaona nyama. Anzake ankagula njinga zamoto, iye ayi. Iye ankaitanitsa tizitsulo kuchokera ku Lusaka, kamodzikamodzi, tina tatsopano tina togwirapo kale ntchito, n'kumatisunga m'katoni pansi pa bedi. Tsiku lina anatiyala pa benchi langa la ukalipentala, natilumikiza ndi manja ake, kukhala kompyuta. Kompyuta, Amayi, ndi makina oonetsa zithunzi ngati kanema, koma anthu a m'kati mwakemo mumawayendetsa ndi zala zanu. Analeka ntchito, napeza kachipinda kokhala ndi magetsi m'mbali mwa msewu. Madalaivala a kumaloji, aphunzitsi, ngakhale asodzi, onse ankabwera kudzasewera mpira wa pa galasi. Kachipindako ndiko kanayamba kudyetsa banja lake.

Ine pakamwa ndinkanena kuti zinthu izi si za anthu ngati ife. Koma tsiku limene ankazilumikiza ndinaimirira kumbuyo kwake nthawi yaitali, ngati ndikufuna misomali. Amagwira chitsulo monga ndimagwirira tchizulo, osafulumira, osakakamiza. Sindinamuuze.

Chimene chinandivuta maso n'choti makinawo anali mabowo okhaokha ngati sefa, kutsogolo, kumbuyo, pamwamba. Fumbi la mumsewu linkangolowa, ndipo mavu aja omanga ndi dothi anayamba kuzungulirapo. Inu munkati chinthu chamtengo sichigona pambalambanda, ndipo makina anu osokera munkawafunda nsalu ngati mwana. Ndiye ndinatulutsa matabwa a mlombwa amene ndinawasunga zaka zambiri, ndinapanga bokosi. Milungu iwiri, Amayi. Polumikiza pake simukanalowetsa ngakhale tsitsi. Chitseko chinkatsekeka ndi kamphepo. Ndinasiya kabowo kamodzi kumbuyo kodutsa nthambo, basi. Yotamu ataliona anathokoza ndi manja awiri, naikamo kompyuta yake. Kunali kuzizira nthawi imeneyo, ndipo zonse zinayenda bwino.

Kutentha kutayamba, makina anayamba kudwala. Osewera mpira a pa galasi aja ankathamanga, kenako n'kuima ngati agwidwa ndi tsemwe, n'kudumphira patsogolo. Mafani, timapiko tija tokupiza mphepo m'katimo, ankalira ngati galimoto yokwera chitunda. Dzuwa likafika pamutu, zonse zinkangozima, anthu ali pakati pa masewera. Ena anayamba kusabwera.

Yotamu sanagone pansi. Anali ndi nambala pa galasi yomuuza kutentha kwa m'kati, ndipo ankati ikapitirira nayinte makina amadzichepetsa liwiro okha kuti asapse. Anapopa fumbi lonse ndi pampu ya njinga. Anapukuta phala lotuwa limene amapaka pa kachitsulo kamene amati ndi ubongo wake, napaka latsopano. Anachepetsa kukongola kwa zithunzi kuti makina asalemedwe. Anapezanso kuti fani imodzi anaimangirira chozondoka tsiku lija ankalumikiza, moti inkabwezera mpweya wotentha m'kati. Anaitembenuza, akudzinena kuti ndi chitsiru. Nambala inatsika pang'ono, koma masana inkakweranso. Potsiriza anatulutsa kompyuta m'bokosi, naiika pa tebulo poyera. Tsiku lonselo sinazime.

Anabwera ku benchi langa, nakhala pansi penipeni ngati munthu wodzapempha mkazi. Anati bokosi ndi labwino, palibe wina m'chigwa muno angalipange, koma makinawo amapuma ngati munthu. Anapempha kuti ndiboole mabowo kutsogolo ndi kumbuyo, ndiikemo sefa ya udzudzu yotchinga mavu.

Mwina ndikanavomera. Koma dalaivala wina wa pakamwa, amene anadzatenga mpando wake umene ndinkakonza, anamva zonse naseka.

"Amdala, inu munazolowera mabokosi a maliro. Uja wa m'katimo safuna mpweya. Uyu akali moyo!"

Anthu anaseka. Yotamu sanaseke, koma ine ndinaona ngati pakamwa pake panagwedezeka. Ndinayankha kuti mlombwa suboooledwa ngati chitini cha mbaula, ndipo ngati bokosi langa ndi la maliro alibweze ndidzagonemo ndine. Munkandiuza, Amayi, kuti ine ndikakana chinthu ndimakana ndi makutu omwe. Mwanayo, poopa kundichititsa manyazi, anabwezera kompyuta m'bokosi, n'kumangosiya chitseko chotsegula. Ine ndikadutsa pamenepo ndinkachitseka.

Lachitatu la sabata yatha anakwera galimoto kupita ku Chipata kukagula fani yaikulu. Anasiya makina akuyaka, akuti ankakoka masewera atsopano ndipo sayenera kuzimitsidwa, nandipempha kuti ndiziyang'anira kachipindako. Masana ndinalowamo. Mafani ankalira momvetsa chisoni. Nditagwira bokosi, linali lotentha ngati mwala wa padzuwa. Pamenepo ndinadziwa kuti mwanayo ankanena zoona. Koma mumtima ndinati ndimuonetsa kuti kuziziritsa chinthu sikufuna mabowo, sikufunanso Chipata.

Mukukumbuka mmene munkachitira ndi mtsuko wa madzi akumwa nyengo ngati ino, kuukulunga chiguduli chonyowa kuti madzi azizire. Ndinatenga chiguduli, ndinachiviika mu ndowa, ndinachifinya pang'ono, ndinatsegula chitseko n'kuyala chigudulicho pamwamba pa makina, pamene pali mabowo aja. Chitayamba kuuma, ndinathirapo madzi ena ndi kapu. Ndinakhala pampando ndikumwetulira ndekha. Sipanapite nthawi, ndinamva kuti thwa, kenako fungo ngati la tayala lopsa. Galasi linada. Mafani anakhala chete.

Ndinachotsa chiguduli, ndinakachiyanika kuseri kwa nyumba. Ndinapukuta pamwamba ndi malaya anga. Ndi kutentha kwa kunoku, pofika madzulo panalibe ndi dontho lomwe.

Yotamu anafika ali wokondwa, fani yake ili m'manja. Ataona makina ali zii anandifunsa ngati magetsi anavuta. Ndinati sindikudziwa, ndinangoona azima. Mawu amenewo anatuluka mosavuta, Amayi, ngati ndinabadwa ndikunama.

Masiku awiri anakhala akuphwasula. Ankachotsa kachitsulo kamodzi, kuyesa, kubwezera, kuchotsa kena. Anabwereka kabokosi ka magetsi kwa mphunzitsi wina kuti aone ngati vuto lili pamenepo. Mapeto ake anapeza kuti khadi la zithunzi lapsa, chitsulo chodula kuposa zonse, chimene anachidikira nthawi yaitali, ndipo thabwa lalikulu lomangirirapo zonse nalo lawonongeka. Panali timadontho toyera pa khadilo. Anayang'ana timadonthoto nthawi yaitali, nati mwina ndi phala lija, mwina anapaka lambiri n'kudonthera pamenepo. Anakumbukanso za fani yozondoka ija. Anati munthu amene walakwitsa fani akhoza kulakwitsa china chilichonse.

Ine ndinali pakhomo, ndikunola tchizulo chimene chinali chakuthwa kale.

Anatuluka, naima pambali panga.

"Atate, munanena zoona. Zinthu izi si za anthu ngati ife. Ndinkadziona wanzeru."

Ndinangoti hmm.

Bokosi sanalitchule n'komwe. Analipukuta bwinobwino, nalibweretsa kunyumba kwanga atalisenza pamutu, nati ndisungiremo zipangizo zanga chifukwa ndi lokongola. Tizitsulo totsala wapereka kwa mphunzitsi uja. Kachipinda wabweza kwa mwini wake. Ku loji malo ake anatenga wina, ndiye mnzake wamupezera ntchito ya ulonda ku Lusaka, kukhala pa geti la munthu. Akunyamuka Lolemba. Mkazi wake ndi Esinati atsala kuno, akuti mpaka adzapeze pokhala. Inu mukudziwa mmene "mpaka" wa ku Lusaka amatalikira. Mchimwene wanga anapita ndi mawu omwewo.

Ndayesa katatu kumuuza. Koyamba ndinafika pakhomo pake n'kupeza akudya, ndinabwerera. Kachiwiri ndinayamba kuti, "Iwe Yotamu, tsiku lija," iye n'kundiyang'ana, ine n'kumaliza kuti tsiku lija Chipata kunali bwanji. Kachitatu anali atanyamula mwana, ndipo nditaona mphumi ija ndinangobwerera. Zaka zonsezi sindinanenepo kwa mwana wanga kuti ndinalakwa. Ngakhale kwa inu sindinanenepo. Mawuwo sindikudziwa poyambira pake.

Ndimadziuza kuti kunena sikudzutsa khadi lopsa. Ndimadziuzanso kuti akamva, adzapitabe, ndipo adzapita ali ndi chifukwa chosabwereranso. Panopa akundipatsa ulemu, akundipatsa moni m'mawa atagwira chipewa m'manja. Akadziwa kuti ndinathira madzi, n'kumusiya masiku awiri akudziimba mlandu ine ndili pakhomo pomwepo, kaya adzandiyang'ana bwanji. Kuthira madziko akhoza kukhululuka. Kukhala chete kuja ndiko kukundiopsa.

Koma dzulo mkazi wake anamupatsa wailesi yake imene yasiya kulira, kuti aione. Kale akanaitsegula asanakhale n'komwe pansi. Dzulo anaibweza osaigwira bwino, nati apite nayo kwa anthu odziwa. Anaika manja ake pakati pa mawondo. Zimenezo ndachita ndine, Amayi. Osati njovu, osati dzuwa.

Ndayamba ndi inu chifukwa inu simundidula pakamwa, ndiponso kuti ndione ngati mawuwo angatuluke. Atuluka, ngakhale ndi okhotakhota. Mawa ndi Lamlungu. Tikatuluka m'tchalitchi sindilowa m'nyumba mwanga ndisanafike kwake. Ndikakhala pansi monga anakhalira iye ku benchi langa, ndikamuuza za chiguduli, za kapu, za bodza. Akafuna kupita ku Lusaka apite, akafuna kusandilankhula asandilankhule. Koma asakwere galimoto ya ku Lusakayo akuganiza kuti manja ake ndi oipa.

Ndakulonjezani zimenezi, ndipo inu mukudziwa kuti ndikalonjeza ndimauma mutu chimodzimodzi. Ndimakukondani, Amayi, ndipo sabata ino ndakusowani kuposa tsiku la maliro anu.

Ndine mwana wanu,
Zakeyo