Foni yalengeza maliro akuluakulu asananene

Aphungu,

Mutu wanga waima, ndithandizeni. Ndimayang'anira tsamba la pa intaneti la kanyuzipepala kathu kuno m'tauni ya Naryn. Owerenga anali ochepa, ndiye ndinaganiza zoti tikangolandira uthenga wa maliro, uzilira pa foni ya aliyense amene amatitsatira. Zinayenda bwino. Oweta nkhosa a kumapiri ayamba kufika pamaliro thupi lisanaikidwe, ndipo mkonzi wathu, a Toktosun, amangondiyamikira.

Mwezi watha amalume anga anamwalira. Mwambo wathu mukuudziwa: mwana amene ali kutali sauzidwa za imfa pa foni. Amangomuuza kuti bambo adwalika, abwere, ndipo akafika akuluakulu amamukhazika pansi n'kumuuza. Mwana wa amalumewo, Nurzat, amene amagwira ntchito ku Moscow, anauzidwa choncho. Koma ine ndili kumaliro, mnansi wina anatumiza chilengezo ku ofesi, mnzanga n'kuchitulutsa. Nurzat anachiwerenga ali yekhayekha pabwalo la ndege, mankhwala a bambo ake ali m'chikwama.

Mayi ake sanandikalipire. Anangoti, "Iwe, kanyuzi kako kali ndi changu kuposa akuluakulu onse a pamudzi pano." Tiyi sananditsirire okha, anatuma wina. Nditapempha a Toktosun kuti tichotse zolengeza maliro pa fonizi, anati, "Wazungulira mutu? Nkhani yochedwa angawerenge ndani? Uwonjezerenso zithunzi za omwalirawo." Ena akundithokoza, ena sakundiyankha moni. Kodi ndathandiza kapena ndalakwa? Ndichotse, ndisiye ntchito, kapena nditani?

A. J., Naryn

A. J. mwanawe,

Wathandiza, komanso walakwa. Zonse ziwiri n'zoona, n'chifukwa chake mutu waima. Usachotse, ndipo ntchito usasiye, chifukwa anthu a kumapiri aja uthengawo akuufuna. Unangoiwala kuti maliro ali ndi eni ake, ndipo kuthamanga sikufika.

Konza tsambalo. Chilengezo chisamalandiridwe kwa mnansi kapena wina aliyense wachangu, koma kwa munthu amene banja lamusankha. Chikafika chizidikira, osatuluka, mpaka munthuyo atatsimikiza kuti ana onse afika ndipo auzidwa pamaso. A Toktosun usawauze za mwambo, sakumvera. Uwauze kuti banja limodzi likakwiya, mudzi wonse usiya kuwerenga. Zimenezo azimva msanga. Zithunzi ziyambe zadikira.

Ukatero pita kwa Nurzat ndi mayi ake, ndi miyendo yako, osati pa foni. Nyamula buledi, ukakhale pansi, ndipo za mnzako wa ku ofesi usakazitchule n'komwe. Ukapepese basi.

Koma ndikuchenjeze, usakakakamize kuti akukhululukire tsiku lomwelo. Tsamba ungalikonze sabata ino, koma msuweni wako anamva za imfa ya bambo ake popanda womugwira dzanja, ndipo zimenezo palibe angazikonze.