Chinangwa cha aNyaphiri

Lachinayi. Mtima ukadali kuwira.

Chinangwa chimene aNyaphiri, oyandikana nawo nyumba, anaviika kudambo chabedwa chonse. M'mawa anafika pakhomo panga, maso ali pathandala.

"Amama, kuno ku Sanga sitiberana," akutero. "Umbava ndi wa ku Chintheche, kapena wa anthu obwera."

Wobwera pano ndine ndekha, wa ku Thyolo. Nkhuku zanga zitasowa chaka chatha, iwo omwewa anati ndi vumbwe. Vumbwe wodziwa kutseka khola akamaliza!

Ndinawauza kuti: "Secheni nyumba yonse, aNyaphiri. Zaka zonsezi mumandiseka kumjigo kuti kondowole wa chinangwa chanucho amandikanika kumeza. Lero ndamukonda mpaka kuba?"

Koma pochoka anasuzumirabe m'khitchini mwanga.