Njira ya Kuphanga Ndimaidziwa Ndekha

Lolemba, 3 Tikimt
Tsiku lachisanu chithawireni Azitsulo, makina aja anatsika kumwamba n'kulanda dziko. Ndili ndi achimwene, Zelalem. Dzulo anasowa mpaka madzulo pofuna madzi, ine misozi chuchuchu. Amayi ndi ana abisala kuphanga la tchalitchi chakale. Achimwene anakulira m'tauni, njira sayidziwa. Ili m'mutu mwangamu.

Lachiwiri, 4 Tikimt
Pachitsime tapeza mnyamata, akuti ndi Endale. Nsapato zoyera mbee! Wothawa wanji ameneyu? Paja Azitsulo akagwira mnyamata amamuika kachitsulo m'thupi n'kumumasula kuti awatsogolere kwa obisala. Watikakamira ngati nkhupakupa.

Lachitatu, 5 Tikimt
Mayi woweta mbuzi watipatsa mkaka. Endale wakana: "Lero Lachitatu, n'kusala kwa tchalitchi, anzanga." Kusala, njala itatipana chonchi? Ulemu wake ukundinyansa. Achimwene nawo akuti m'mimba, ndamwa ndekha.

Lachinayi, 6 Tikimt
Kambale kouluka ka Azitsulo, kosaka anthu, katipezanso, kachitatu. Tinagona chafufumimba m'munda wa tefu, mbewu yathu ya ufa. Katapita, achimwene anati, "Tadiwos, wotigulitsa ukumudziwa kale."
Endale tamuthamangitsa ndi miyala. Iye, "Ndifufuzeni! Ndivule kapena?" Mwala wanga unam'peza pachipumi. Magazi ofiira ngati anga. Sizikundichoka m'maso.

Lachisanu, 7 Tikimt
Kambale kabweranso.

Loweruka, 8 Tikimt
Phiri la phanga laoneka. Achimwene sindinawauze kuti ndi phiri liti, ndimafuna ndiwadabwitse. M'nyumba ina yosiyidwa tapeza injera youma, mkate wathu wa tefu, ndainyowetsa. Chifukwa cha chimwemwe ndinakulunga nthongo kuti ndiwadyetse ndi dzanja langa, monga timachitira kwa wokondedwa.
"Idya wekha, iwe."
"Aa! Achimwene, mwayamba liti kukana dzanja langa? Amayi akamva?"
Zimenezo kwathu sakana. Anatsegula pakamwa pang'ono. Ndikulowetsa, chala changa chinagunda kanthu kumtunda kwa m'kamwa. Kozizira, kosalala, konjenjemera.
Tinayang'anana. Misozi inalengeza m'maso mwawo, koma mawu anatuluka osalala bwinobwino: "Ndiye njira ndi iti, mng'ono wanga?"
Mantha andigwira. Chisoni ndiye chosaneneka.
Ndawalozera kumadzulo, kuchigwa chamiyala kopanda munthu. Iwo anangotseka maso, n'kupuma ngati atula katundu.
Akumanga nsapato. Ndikutsogolera ndine.