Mpikisano wa Alinane ndi Bambo Ake

Zingwangwa, Blantyre

Okondedwa achimwene a Kalisto,

Muli bwanji ku Joni kumeneko? Nanga alamu ndi ana? Ife kuno tadzuka, kungoti mtima wanga suli m'malo chifukwa cha mwana wanga Alinane.

Mukukumbuka mmene malemu bambo ake a Dominiko ankamukhazika pakhonde ku Chilobwe kuja, kumuphunzitsa tchesi mano akutsogolo asanamere n'komwe. Inu munkaseka kuti mwana ameneyu adzatigonjetsa tonse. Wakuladi choncho. Pano ali Fomu 4, ndipo kusukulu kwawo palibe womuposa. Sayankha msanga. Ngakhale ndimutume tomato kumsika, amayamba waima kaye, kuganizira njira.

Bambo ake ankamuuza kuti pa tchesi palibe tsoka, munthu akagonja ndiye kuti pali pomwe anasuntha molakwika, ndipo ayenera kubwerera m'mbuyo mpaka apapeze. Mawu amenewa ndi amene akumudya mwanayu.

Chichokereni matope a namondwe wa Freddy aja, wakhala akufufuza pomwe tinalakwitsa. Poyamba ankandifunsa amene anasankha puloti ya m'phiri ija. Kenako anafunsa chifukwa chomwe sitinasamukire ku Machinjiri inu mutatiuza. Ndinkayesa ndi chisoni wamba.

Lamlungu lapitali, tikuchokera kutchalitchi, anandiuza kuti wapapeza. Akuti m'mawa uja bambo ake anali atavala kale jombo kuti azipita kuntchito ku Chirimba, koma iye anawachonderera kuti atsale amalize gemu yomwe anaisiya dzulo lake. Anatsaladi. Kenako ine ndinamutenga kuti tikaone azakhali ake odwala kumunsi kuja, ndipo phiri linatsika ife tili komweko. Anandiuza zonsezi osagwetsa msozi, ngati akufotokoza masamu.

Ndinamuuza kuti mvula sinkasewera ndi munthu, inkangogwa. Anangondiyang'ana mwaulemu, nati amayi simudziwa tchesi.

Achimwene, pali china. Bolodi lakale linapita ndi matope, koma pa latsopano lomwe anapata kusukulu waikapo tizidole tonse mmene tinalili m'mawa umenewo. Akukumbuka kalikonse pamalo pake. Lili pa tebulo kuchipinda, ndipo salola kuti ndilipukute fumbi. Akaweruka amakhala mbali yake, manja pamiyendo, kuyang'ana mpando wopanda munthu. Nditamufunsa chomwe akudikira, anati iye anasuntha kale, yatsala ndi nthawi ya adadi.



Ndikukupemphani, bwerani pa Khirisimasi. Inu ndi amene munkasewera ndi alamu anu a Dominiko, mukudziwa mmene ankaganizira. Musadzamulalikire, abusa anayesa kale. Mudzangokhala pampandopo monga malume ake, mudzasunthe m'malo mwa bambo akewo, gemuyi ithe. Kaya adzapambana kaya adzagonja, bola mwana wanga adzadzuke pa tebulo paja.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ambuye akusungeni kuchilendoko mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu,
Joan