Galimoto ya Bambo Ili Pamsewu

Wokondedwa mlongo wanga Kachangu,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kuno tadzuka. Amayi miyendo ikuwavutabe monga unawasiyira, ndipo ine mtima uli m'mwamba chifukwa cha iwe.

Dzina lakoli amayi sanalakwitse. Unabwera ku tchuthi, n'kuona kuti vani ya malemu bambo ikukuchititsa manyazi, n'kukaisinthitsa ndi kagalimoto konyezimira ine ndili kuntchito. Kenako unakwera ndege n'kutisiyira makiyi ngati watichitira ukwati.

Kodi sunaone chitsulo chotsetsereka chimene bambo anawotcherera kumbuyo kwa vaniyo ndi manja awo? Anachotsa mipando, n'kuikamo ngowe zogwira mpando wamatayala wa amayi, kuti azikwera okha popanda wowanyamula. Mu kagalimoto kakoka mpandowo sukwana. Tsiku la sikelo ya shuga ndinapempha mwamuna wa neba kuti awanyamule ngati thumba la simenti. Amayi analira njira yonse, ndipo alumbira kuti kuchipatala sadzapitanso. Mankhwala awo akutha, Kachangu.

Ndinapita kwa wogulitsa magalimoto uja, wa suti yothina ndi mano panja. Vani yathu ndinaipeza patsogolo penipeni, yotsukidwa, matayala atapakidwa polishi. Mtengo wolembedwa pagalasi unandizunguza mutu, chifukwa unali kutali ndi umene anakuwerengera iwe.

Anandikhazika pampando n'kuyamba kundiphunzitsa ngati mwana wasukulu. Anati galimoto imodzi imakhala ndi mitengo itatu. Wobwera kudzasinthitsa amamuwerengera motsika, poti amakhala atakopeka kale ndi inayo. Wogula imodzi pabwalopo amalipira mokwera, poti akulipiriranso sopo, lendi ndi sutiyo. Ndiye pali opikula, amene amatenga zambiri nthawi imodzi pamtengo wozizira, zina n'kukaziphwasula kuti agulitse zitsulo.

Ndinamufunsa kuti mtengo wa mwana wa mwini galimoto ndi uti. Anaseka, n'kunena kuti ndikalowa pageti ndine kasitomala ngati wina aliyense.

Nditazungulira kumbuyo ndinapeza kuti chitsulo cha bambo achidula. Akuti chimathawitsa ogula. Anachiponya pamulu wa zotayidwa pamodzi ndi mabatire akufa. Ndinatukwana, mlongo wanga, ine amene umati ndine mlaliki. Makaniko wake anachita kutuluka pansi pa galimoto kudzaona.

Tsono imva. Wanena kuti vaniyo ikapanda kugulidwa mwezi uno, aiphatikiza ndi zina n'kuipereka kwa opikula. Wavomera kuti angathe kulandiranso kagalimoto kako n'kutibwezera yathu, koma kakoko akawerengera motsika, yathuyo mokwera. Watidya polowa, atidyanso potuluka. Ngakhale zili choncho ine ndavomera, koma mapepala ali m'dzina lako, ndipo akufuna kumva pakamwa pako.

Mafoni anga sukuyankha, n'chifukwa chake ndalemba. Usandiuze kuti unkafuna kuti amayi aziyenda mwaulemu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ulemu wa amayi unali kukwera okha, osagwidwa m'khwapa ndi mwamuna wa eni. Ukanawafunsa akanakuuza.

Muimbire munthuyo. Zotsalazo tidzakangana bwino galimoto ili pakhomo.

Chitsulo chija ndinachikankha pawilibala mpaka kunyumba, anthu akundiyang'ana. Ndachitsamiritsa pakhoma pafupi ndi windo la amayi. M'mawa uliwonse amandiuza kuti ndichipukute fumbi, poti bambo athu sankakonda chida chauve. Za iwe salola kuti ndinene choipa. Akuti mwana anafuna kuchita zabwino.

Upereke moni kwa mlamu ndi ana, Mulungu awasunge. Amayi akuti ndikupatse moni wawo ndi madalitso, ndipo ndakupatsa. Wanga ndausunga kaye, udzaupeza mu vani.

Ndine,
Mlongo wako wamkulu